Kompuresa yosasokosa mu shopu ya matabwa: kusankha, kulumikiza ndi kusamala

Kompuresa wamba ikalira mu shopu, nkhani zonse zimaima. Kasitomala amadikira kuti ithe kudzaza mpweya mu thanki ndiye amalize kunena muyezo wa kabati yake. Ngati ntchito ili m'nyumba ya eni, mukukhoma siling'i kapena makabati a kukhitchini, khanda limene linagona chipinda chinacho ladzuka basi. M'malo ngati Mchesi kapena Ndirande, kumene shopu ndi nyumba zogona zimagundana makoma, phokoso lotere limadanitsa anthu. N'chifukwa chake amisiri ambiri akufuna timakompuresa tamagetsi tosasokosa, totheka kunyamula pamanja kapena kukoka pa mateyala. Ndi makina abwino ndithu, koma ali ndi malire ake. Amene amakhumudwa nawo nthawi zambiri anagula poona kukula kwa thanki ndi nambala ya HP (mphamvu ya mota) yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, pamene manambala awiriwo ndi amene amanena zochepa pa onse.

Choyamba: yambani ndi zida zanu, kompuresa ibwere pambuyo

Musanapite kusitolo, lembani zida zimene muzilumikiza. Mfuti ya misomali ing'onoing'ono ya 18 gauge, imene m'masitolo ambiri imalembedwa F30 kapena F50 (nambalayo ndi kutalika kwa msomali waukulu umene imalandira, mamilimita 30 kapena 50), imadya mpweya wochepa kwambiri, ndipo imadya pokhapo pamene mwawomba. Chimodzimodzi mfuti ya masitepulo ya 1013J imene okonza masofa amakhomera nsalu. Zida zoterezi zimagwira ntchito pa 4 mpaka 7 bar (bar ndi muyezo wa puresha ya mpweya), ndipo kakompuresa ka thanki ya malita 6 kapena 9 kamazikwanitsa tsiku lonse. Ngati anthu awiri azikhoma nthawi imodzi, kapena mumakondanso kupopa mateyala ndi kupemerera fumbi pa makina, tengani ya malita 24.

Kupopera vanishi ndi penti ndi nkhani ina. Mfuti yopoperera imatulutsa mpweya mosalekeza malinga chala chili pa tiriga, ndipo zambiri za mtundu wa HVLP (zopopera ndi mpweya wambiri pa puresha yochepa) zimafuna malita 200 pa mphindi kapena kuposa apo. Sanda yoyendera mpweya ndi yadyera chimodzimodzi. Kompuresa yosasokosa ya mota imodzi ya 750 W imatulutsa malita apakati pa 55 ndi 70 pa mphindi. Mukaimangirira mfuti yotere, thanki ya malita 24 imaphwa mphindi isanakwane, vanishi amayamba kutuluka madontho, ndipo chitseko chimauma ndi zigamba. Thanki ndi ndowa chabe, mjigo ndi pampu. Ndowa yaikulu siichulukitsa madzi a mjigo, imangokupatsani kanthawi musanaime n'kudikira.

Ngati kupopera ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, yang'anani makompuresa osasokosa a mota ziwiri kapena zitatu pa thanki ya malita 50 kapena 100, ndipo mugule mfuti ya LVLP imene imadya mpweya wocheperako. Koma pamenepo mwasiya zonyamula pamanja. Maganizo anga ndi akuti mmisiri amene amayendera ntchito m'nyumba za anthu agule kakang'ono kokhomera, sanda agule yamagetsi, ndipo zopopera zizichitikira ku shopu.

Chachiwiri: kuwerenga manambala a pa katoni

Nambala yofunika ndi ya mpweya umene umatulukadi ku payipi pa puresha yogwirira ntchito. Imalembedwa FAD, kapena "malita akuti pa 6 bar", kapena pa makina a ku America "CFM at 90 PSI". CFM imodzi ndi malita 28 pa mphindi, 90 PSI ndi 6.2 bar, ndipo bar imodzi ndi 14.5 PSI. Ogulitsa ambiri amakonda kulemba nambala ina, ya mpweya umene pisitoni imakoka, chifukwa ndi yaikulu. Mukaona "135 L/min" pa kompuresa ya 750 W popanda kutchula puresha, dziwani kuti umene ufike ku mfuti yanu ndi pafupifupi theka lake. Yerekezani FAD ndi zimene zalembedwa pa chida chanu chadyera kwambiri, ndipo kompuresa ipose ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuti mota izipuma.

Manambala amenewa amayezedwa pa mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamwamba ndi mamita opitirira 1,000, ndipo mpweya wa pamenepo ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti, choncho pampu imadzaza mochedwerako. Ku Dedza kapena ku Johannesburg kusiyanako n'kokulirapo. Pokhoma misomali simuzindikira n'komwe, koma popopera mudzakuona.

Za phokoso: makompuresa wamba opanda lamba amalira 85 mpaka 95 dB (dB ndi muyezo wa phokoso), pamene osasokosa amakhala pakati pa 55 ndi 70 dB. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala cha m'ma 60. Manambala a dB sawerengedwa ngati ndalama. Kukwera kwa 10 dB khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri, choncho pakati pa 60 ndi 90 pali mtunda waukulu zedi. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa 85 dB kwa maola 8, kupitirira apo makutu amayamba kuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo ugonthi wotere subwerera.

Chimene chimachepetsa phokosolo si matsenga. Mota ya kompuresa yosasokosa imazungulira maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi pamene wamba imafika 2,800. Ili ndi mapisitoni awiri ogawana ntchito, polowera mpweya pali sefa yoziziritsa mkokomo, ndipo miyendo ndi ya labala. Yambiri siithiridwa oilo chifukwa mphete za pisitoni ndi za Teflon, pulasitiki yoterera. Ubwino wake ndi wakuti mpweya umatuluka wopanda mafuta ndipo mutha kuigoneka m'galimoto osadera nkhawa. Kuipa kwake ndi kwakuti mphetezo zimatha, makamaka pa fumbi. Funsani wogulitsa ngati amasunga mphete, mavalavu a pamutu, masefa ndi kapasita (kachipangizo kothandiza mota kudzuka). Akayamba kukanda m'mutu, ganizani kawiri. Ndipo musaiwale kuti sowo yamagetsi, pulena ndi rauta zimasokosa kuposa kompuresa iliyonse, ndiye zotseka m'makutu musazitaye.

Chachitatu: magetsi a pamalo panu

Apa ndi pamene makompuresa ambiri amafera. Magetsi a ESCOM ndi 230 V, 50 Hz, monganso a ku Zambia, South Africa ndi Britain. Makina opangidwira msika wa ku America, monga ambiri a California Air Tools ndi Makita MAC210Q ya kumeneko, ndi a 110 kapena 120 V, 60 Hz. Mbale wanu akakutumizirani yotere n'kuilowetsa mu soketi, mota ipsa nthawi yomweyo. Thiransifoma imatsitsa mavoti koma siisintha ma Hz, choncho makinawo amayenda mochedwa ndi kutentha. Ngakhale yochokera ku Britain muione bwino: ya pulagi yachikasu yozungulira ndi ya 110 V, ya pamalo omanga nyumba kumeneko. Werengani kachitsulo ka pa mota musanalipire kapena musanaitanitse.

Yochokera ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. Musaikakamize mu soketi ndi sikuludiraiva, ndipo musadalire tima adaputa totchipa timene timasungunuka. Dulani, muike pulagi ya mano atatu amakona ya fyuzi ya 13 A: waya wa bulauni ku L, wa buluu ku N, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la pamwamba. Waya wachitatuyo musamusiye. Thanki ndi yachitsulo ndipo mumaigwira ndi manja a thukuta.

Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Ya 750 W imayenda pa ma amp osakwana 4, koma pa jenereta muipatse ya 2 kVA kapena kuposa, ndipo muyatse jenereta kaye ikhazikike. Pa sola, inveta ikhale ya pure sine wave yokhoza kupirira kukoka kwa poyambako. Ngati malo ogwirira ntchito ali kutali ndi soketi, talikitsani payipi ya mpweya, osati waya. Waya wautali woonda amagwetsa mavoti, mota imangong'ung'udza osazungulira, kenaka imatentha. Zikakakamiza, gwiritsani waya wa 2.5 mm² ndipo mumutambasule yense, asakhale chikulungire.

Magetsi akathima kompuresa ili mkati modzaza, pitani mukazimitse pa swichi yake. Chifukwa chake ndi ichi: mukazimitsa pa swichi ya puresha, kavalavu kena kamatulutsa mpweya wotsalira pakati pa pisitoni ndi thanki, ndiye kaja mumamva "tsss" kamodzi. Magetsi akangothima, kapena mukazula pulagi, mpweya uja umatsala, ndipo akabwera mota imayesa kudzuka itapanikizidwa. Komanso paja magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ofooka kapena amphamvu mopitirira. Dikirani mphindi zochepa musanayatse. Anyamata anu onse adziwe lamulo limeneli.

Chachinayi: iyeseni musanaitenge

Kaya ndi yatsopano kaya yakale, ilire pamaso panu. Imani pafupi n'kulankhula ndi wogulitsa: ngati mukufunika kukweza mawu, si yosasokosa. Isiyeni idzaze mpaka izime yokha, zambiri zimazima pa 8 bar. Kenaka tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka idzuke yokha, kawirikawiri pa 6 bar, tsekani, muwerenge masekondi mpaka izimenso. Masamu ake ndi apafupi: thanki ya malita 24 kuchoka pa 6 kufika pa 8 bar yalandira malita 48, malita 24 pa bar iliyonse. Ikatenga masekondi 45, ndiye kuti ikupereka malita 64 pa mphindi, ndipo nambala imeneyo ndi yoona kuposa ya pa katoni. Ilembeni penapake. Pakapita miyezi mukadzaona kuti nthawiyo yatalika kwambiri, mudzadziwa kuti sefa yatseka kapena mphete zatha.

Ikazima, yang'anani geji kwa mphindi 10. Muvi utha kutsika pang'ono pamene mpweya ukuzizira, koma usapitirize kutsika. Pa yakale, tsegulani valavu ya pansi pa thanki. Madzi ofiira kwambiri okhala ndi zibenthu za dzimbiri, kapena chipsera cha kuwotcherera pa thanki, zikutanthauza kuti muisiye pomwepo ngakhale mtengo ukome bwanji.

Chachisanu: tsiku loyamba mu shopu

Mangani mateyala ndi miyendo ya labala, kenaka masefa a mpweya, amene nthawi zambiri amabwera padera m'kathumba. Anthu ena amaiwala, n'kumadabwa kuti makina akusokosa. Ikani kompuresa pamalo osalala, theka la mita kuchoka kukhoma, kutali ndi kumene sowo ndi sanda zimalavulira utuchi. Musaitsekere m'bokosi pofuna kuti izikhala chete kwambiri, chifukwa imazizira ndi mphepo ya mafani ake. Ngati buku lake likutero, iyendetseni kaye valavu ya pansi ili chitsegulire kwa mphindi zimene alemba, kenaka mutseke idzaze. Thanki ikakhala ndi mpweya, kokani kamphete ka valavu yotetezera. Iyenera kuphulika mpweya n'kutsekanso mukaisiya. Valavu imeneyi ndi imene imapulumutsa thanki swichi ikakana kuzimitsa, choncho musaimange ndi waya kapena kuitseka ndi bawuti ikayamba kudontha. Gulani ina.

Mageji ndi awiri. Ina imaonetsa puresha ya m'thanki, inayo ya mpweya wopita ku chida, ndipo yachiwiriyi ndi imene mumaisintha ndi chopotokola cha regyuleta. Pa makina ambiri mumachikoka kaye m'mwamba, n'kupotokola kumanja kuti puresha ikwere, n'kuchikankhanso kuti chikhome. Pofuna kutsitsa, tsikani kupitirira pamene mukufuna, ndiye mukwere pang'onopang'ono, apo ayi geji imanama.

Zolumikizira payipi zimasokoneza anthu ambiri chifukwa zilipo za mitundu ingapo yosalowana: Euro, Nitto, PCL ya ku Britain ndi zina za ku America. Poona zimafanana, koma ina imalowa n'kumadontha, ina imafwamphuka yokha. Sankhani mtundu umodzi wa shopu yonse, ndipo pokagula nyamulani chimene muli nacho mukayese komweko. Pa mazinga kulungani tepi yoyera ya mapulambala, kenaka pakani madzi a sopo: pamene pakuchita thovu ndi pamene pakudontha. Kadontho kakang'ono kamadzutsa mota pafupipafupi ngakhale palibe akugwira ntchito, ndipo mayunitsi amapita. Payipi ya mamilimita 6 mkati imakwanira pokhoma, koma popopera kapena pa mtunda wopitirira mamita 10 tengani ya 8. Mukafuna kuyala mapayipi okhazikika m'makoma a shopu, musagwiritse PVC ya madzi. Ikasweka ndi mpweya imamwaza zibenthu zakuthwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kukhoma

Donthezani madontho awiri kapena atatu a oilo wa zida za mpweya pakamwa pamene payipi imalowera mu mfuti, m'mawa uliwonse, pokhapokha ngati mfutiyo yalembedwa kuti siifuna oilo. Oilo wa galimoto amawononga timalabala ta mkati. Valani magalasi. Ikani regyuleta pa 5 bar, muyese pa chidutswa cha thabwa lomwelo limene mukugwira. Pa paini wa ku Chikangawa kapena pulayiwudi, 5 bar imakwana, ndipo mukapitirira msomali umamira kwambiri n'kusiya dzenje. Mlombwa, mbawa ndi bulugamu wouma zimafuna 6 kapena 7. Mutu wa msomali uzimira pang'ono chabe, poti mutha kutseka ndi fila. Musapitirire puresha yolembedwa pa mfuti pofuna kugonjetsa thabwa louma, m'malo mwake fupikitsani msomali.

Msomali utalike kawiri kapena katatu kuposa kuchindikala kwa thabwa la pamwamba limene mukulikhomera pa linzake. Misomali yoondayi imakonda kukhota ikakumana ndi mfundo, ndipo kawirikawiri imakhotera kumanzere kapena kumanja kwa mfuti. Ndiye pokhoma m'mphepete mwa thabwa, mfuti iime mopingasa ndi mpheperoyo, kuti msomali ukakhota ukhotere m'kati mwa thabwa, osatulukira pankhope pake. Dzanja logwirizira likhale kutali kuposa kutalika kwa msomali. Zala zambiri zabooledwa ndi msomali wotulukira m'mbali.

Pano ndinenepo za khalidwe lina limene mfuti zabweretsa. Chifukwa kukhoma kwafewa, ena asiya guluu ndi majointi, akungowomba misomali makumi pa mpando n'kupaka vanishi. Msomali wa 18 gauge ntchito yake ndi kugwirizira pamene guluu akuuma, kukhoma timizere ta siling'i, sikating'i, misana ya makabati ndi zokongoletsa. Mwendo wa tebulo kapena felemu ya bedi zimafunabe jointi yeniyeni. Kasitomala sangaone tsiku logula, koma mvula ikadutsa kamodzi adzabwera nawo mpandowo uli gwedegwede.

Msomali ukakakamira, chotsani payipi kaye musanatsegule mphuno ya mfuti. Chimodzimodzi pokwera makwerero kapena popatsirana. Ndipo mpweya si wosewera nawo. Kudzipemerera utuchi pa zovala kapena m'tsitsi kumalowetsa tizitsotso m'maso, mpweya utha kulowa m'thupi kudzera pa bala, ndipo kulozetsa payipi kumbuyo kwa mnzako mwa nthabwala kwaphapo anthu. Mnyamata watsopano amve zimenezi tsiku loyamba, mosaseka.

Chachisanu ndi chiwiri: madzi ndi utuchi

Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira, chinyezi chake chimasanduka madzi m'thanki. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, komanso kunyanja monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, madziwo amachuluka modabwitsa. Poweruka tsiku lililonse zimitsani pa swichi, tsitsani puresha ifike cha pa 2 bar, tsegulani valavu ya pansi pang'onopang'ono, mupendeketse makina kuti madzi onse atuluke. Mutha kuisiya chitsegulire usiku kuti m'kati muume, bola mukumbuke kutseka m'mawa. Madzi akakhalitsa amadya thanki kuchokera m'kati, kunja penti ali waliwali. Thanki ikabooka, yatha. Musapite nayo kwa owotcherera, ngakhale akulonjezeni kuti aigwira bwino, chifukwa pamene pabooka ndi pamene paonekera chabe, chitsulo chozungulira ponsepo chaonda. Thanki ya 8 bar ikaphulika imatha kupha munthu. Makompuresa ena ali ndi thanki ya aluminiyamu, yopepuka ndi yosachita dzimbiri, koma nayonso imafuna kukhetsa.

Opopera aike kasefa kogwira madzi pafupi ndi mfuti, ndipo akhale ndi payipi yakeyake imene sinadutsepo oilo. Dontho la madzi limayeretsa vanishi ngati nkhungu, la oilo limasiya timaenje tozungulira. Popopera, kompuresa ikhale panja kapena chipinda china, chifukwa swichi yake imathetheka ndipo nthunzi ya thina imagwira moto msanga.

Sefa ya mpweya muitsegule sabata iliyonse, muigugude, ikada kwambiri musinthe. Pukutani utuchi pa mitu ya mapisitoni ndi pa mafani. Makina ang'onoang'ono ambiri sanapangidwe kuti aziyenda osapuma. Buku likati 50 peresenti, ndiye kuti pa mphindi 10 iyende 5. Mukaona kuti siikuzima n'komwe pamene mukugwira ntchito, chida chanu chaikulira kapena penapake pakudontha.

Ikayamba kuvuta

Ikamang'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga. Chotsani waya wowonjezera muilowetse mu soketi mwachindunji, tulutsani mpweya wonse m'thanki, muyesenso. Ikadzuka thanki ili yopanda kanthu koma n'kumakana ikakhala ndi mpweya, vuto lili pa mavoti ochepa, pa kavalavu kotulutsa mpweya kaja, kapena pa kapasita. Kapasita ndi yotchipa, koma imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, choncho asinthe ndi wodziwa zamagetsi, ndipo aike ya nambala yofanana ndi yakaleyo.

Ikazima yokha ili yotentha, isiyeni izizire kwa theka la ola, kenaka dinani kabatani ka reset ngati kalipo, ndipo mufufuze chimene chaitenthetsa. Mpweya ukamapitirira kutuluka pansi pa swichi mota itazima, swichiyo ilibe mlandu: ndi valavu yoletsa mpweya kubwerera, imene ili pamene payipi yochokera ku pampu imalowera m'thanki. Tulutsani mpweya wonse, masulani chivindikiro chake, mupukute kalabala ndi sipuling'i, kapena musinthe. Ikamayenda osafika pa 8 bar pamene palibe podontha ndipo sefa ndi yoyera, atsegule mutu aone timavalavu topyapyala tachitsulo, gasiketi ndi mphete za pisitoni. Pogula zatsopano nyamulani zakalezo, chifukwa masilinda a makina ooneka ofanana amasiyana ndi mamilimita ochepa.